Shedi ya maluwa a orchid ku Thyolo: lipoti la kamangidwe ndi zomwe zidatsatira

Ntchito yomwe ndikufotokoza pano ndidaigwira m'miyezi ya Juni ndi Julayi 2023 pakhomo pa mayi wina, mphunzitsi wopuma, yemwe amakhala chakumtunda kwa boma la Thyolo, pamalo otsetsereka oyang'anizana ndi minda ya tiyi. Ine ndine mmisiri wa ma greenhouse a tomato ndi mashedi a nazale za mitengo, ndipo ma orchid ndili nawo angapo kunyumba kwanga. Ndalemba lipotili chifukwa amisiri anzanga akaitanidwa kuti akamange nyumba ya maluwa amenewa amangotenga pulani ya greenhouse ya tomato n'kuichepetsa. Ku Thyolo ndi ku Mulanje pulani imeneyo imapha maluwa. Chomwe orchid amafuna kuno ndi denga lomuteteza ku mvula ndi dzuwa la masana, m'mbali muli motseguka kuti mphepo izidutsa usana ndi usiku.

Zomwe ndidapeza

Mayiwa anali ndi miphika yoposa 40. Yambiri inali ya Cymbidium, amasamba ataliatali aja, mbewu yakale yomwe yakhala ikuyenda m'makomo, uyu kugawirako uyu. Panali Dendrobium nobile angapo, Phalaenopsis asanu omwe mwana wawo adawagulira m'sitolo ku Blantyre, ndi tsinde limodzi lalikulu la Ansellia africana lomwe adalichotsa pa mtengo womwe udagwa m'munda mwa achimwene awo kuchigwa cha Shire.

Zonsezi zinkakhala mu greenhouse yozungulira pamwamba, mamita 5 m'litali, 3 m'lifupi, pakati pake mamita 2 okha kuchoka pansi, pulasitiki kufika mpaka m'dothi mbali zonse, khomo limodzi. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023 adang'amba pulasitikiyo n'kupinda mapaipi, ndipo ine adandiitanira kuti ndidzabwezeretse momwe zinalili. Nditayang'ana maluwawo ndidaona kuti namondweyo adangomalizitsa ntchito yomwe idali itayamba kale. Masamba ambiri anali ndi zigamba zotuwa zouma pamalo pomwe tsamba limapindikira pansi. Kumeneko ndi kupsa ndi dzuwa, ndipo sikungachitike m'sabata ya mvula yosalekeza. Zinali zipsera za Okutobala ndi Novembala wa chaka chapitacho. Phalaenopsis awiri anali atawola pamtima, pomwe tsamba latsopano limatulukira, kungoligwira tsambalo n'kusololoka.

Ndidagudubuza mphika umodzi wa Cymbidium. Chidatuluka ndi chibuma cha dothi lakuda la m'dimba losakaniza ndi manyowa a ng'ombe, chonyowa mpaka pakati, chikununkha chuku. Muzu ukaugwira ndi zala ziwiri n'kukoka pang'ono, khungu lake linkangovuka n'kutsala kaulusi kopyapyala. Muzu wamoyo sutero. Umakhala wonenepa, wolimba, woyera mbee ukauma, nsonga yake ili yobiriwira. Mwa mizu yonse ya mumphikamo, yamoyo inali yokhayo yomwe idathawira pamwamba ndi yomwe idatulukira pabowo la pansi.

Chifukwa chake n'chosavuta. Ma orchid ambiri omwe anthu amasunga, kuthengo kwawo amamera pamitengo kapena pamiyala. Sayamwa mtengowo, amangokhalapo. Mizu yawo ili ndi chikuto choyera chomwe chimamwa madzi msangamsanga mvula ikagwa, kenako chimauma ndi mphepo n'kulola muzu kupuma. Mukaukwirira m'dothi losunga madzi umabanika n'kuwola. Cymbidium amapirirako kuposa anzake, koma naye dothi la m'dimba salifuna.

Nyengo ya kuno

Malangizo ambiri omwe anthu amaona pa YouTube ndi a ku Ulaya ndi ku America, komwe mdani wamkulu ndi chisanu choumitsa madzi. Kumeneko nyumba yotseka thithithi ili ndi ntchito. Ife kuno mavuto athu ndi ena. Kuyambira Sepitembala mpaka mvula yoyamba, m'pulasitiki yotseka kutentha kumapyola madigiri 40 nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo tsamba la orchid, lomwe ndi lokhuthala, limapsa. M'dzinja mvula ya kuno imatha kugwa masiku otsatizana osapereka mpata woti mphika uume. Ndiye pali chiperoni, chomwe kwa ine ndicho chimapha mwakachetechete. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza kuchokera ku Mozambique, kukhala masiku atatu kapena asanu dzuwa osaoneka. Kuzizira, chinyezi ndi mpweya wosayenda zikakumana, matenda owoletsa masamba ndi mitima amalowa. Mu greenhouse yotseka nthunzi imasanduka madontho padenga usiku, m'mawa n'kumadonthera pamtima peni peni pa duwa.

Kayendedwe ka dzuwa nako kamasokoneza amene akutsatira pulani ya kunja. Thyolo ili pafupifupi madigiri 16 kum'mwera kwa equator. Dzuwa limadutsa pamutu kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Mu Juni masana limakhala litapendekera kumpoto, pafupifupi madigiri 50 kuchoka pansi. Choncho kuwala kwabwino kwa nyengo yozizira kumalowera mbali ya kumpoto. Pulani za ku Ulaya zimati nyumba iyang'ane kum'mwera, ndipo wozitsatira kuno amakhala atayang'anitsa nyumba yake komwe kumachokera chiperoni.

Kamangidwe

Malo akale ndidawakana. Anali kuseri kwa khitchini, pakona ya mpanda wa njerwa, pomwe mphepo siyenda komanso utsi wa nkhuni umazungulira. Tidasankha malo a kum'mawa kwa nyumba, omwe amalandira dzuwa la m'mawa, pomwe madzulo nyumbayo ndi mtengo wa mapeyala zimatchinga dzuwa la kumadzulo. Tidatalikira mtengowo mokwanira kuti nthambi kapena peyala lisagwere padenga.

Shediyo ndi mamita 6 kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo, mamita 4 m'lifupi. Denga ndi la mbali imodzi: kumpoto mamita 3.4 kuchoka pansi, kum'mwera mamita 2.4. Mbali yayitali imalowetsa dzuwa la Juni ndi Julayi ndiponso imatulutsa mpweya wotentha, womwe umakwera n'kutsata denga. Mbali yaifupi imapereka msana ku chiperoni. Kusiyana kwa mita imodzi pa mamita 4 kumachititsa kuti madzi atsike mofulumira, ndipo nthunzi ikaundana kunsi kwa denga imatsetsereka m'malo modontha. Kutalika kwa denga musamakuone ngati kuononga mitengo. Denga likakhala pafupi ndi masamba, kutentha kwake kumawafika.

Nsanamira ndi za bulugamu wonyikidwa m'mankhwala obiriwira aja, zokwiriridwa masentimita 60 m'konkire, konkireyo n'kuitukula pang'ono pamwamba pa dothi kuti madzi asadikhe patsinde ndiponso kuti njira ya chiswe izioneka ikangoyamba. Mitengo yopaka creosote kapena oyilo wakuda wa galimoto ndidaikana chifukwa fungo lake dzuwa likatentha limavulaza masamba. Nsungwi ndi zotsika mtengo ndipo zili paliponse kuno, koma m'malo onyowa tsiku ndi tsiku sizipirira. Munthu wina adabwera kudzatsatsa matabwa a mkungudza, akuti chiswe sichidya. N'zoona sichidya, koma mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndi mtengo woletsedwa kudula, ndipo watsala pang'ono kutheratu. Tidamubweza.

Padenga tidaika malata oonekera a polycarbonate. Pulasitiki yopirira dzuwa (ya UV), yokhuthala ma micron 200, ikadatha kugwira ntchito pamtengo wotsikirapo, koma imafuna kusintha pakapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo mayiwa, ataona zomwe Freddy adachita, sadafunenso kumva za pulasitiki. Pamalata amenewa pali zinthu zomwe akalipentala ozolowera malata achitsulo amaphonya. Mbali imodzi yokha ndi yomwe ili ndi chitetezo cha dzuwa, ndipo imalembedwa; ikayang'ana pansi lata limachita chikasu n'kuyamba kuphwanyika. Sakhomedwa ndi misomali. Mumaboola ndi dirilo bowo lokulirapo pang'ono kuposa sikuluwu, pamsana pa lata, chifukwa lata limafutukuka kukatentha n'kubwerera kukazizira. Bowo likathina, limang'ambika. Mapaso onse tidawamangirira ku mitanda ndi hoop iron, mitanda ku nsanamira ndi mabawuti. Mphepo yamkuntho ikalowa m'shedi yotseguka imakankha denga kuchokera pansi, ndiye msomali wokhomera kuchokera pamwamba sungathandize. Malata adapitirira masentimita 50 mbali zonse.

Neti ya mthunzi ya 50 peresenti tidaikoka pamwamba pa malata, pa mawaya, kusiya mpata wa masentimita 30. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa pofuna kuphweketsa ntchito. Neti ikakhala mkati, kutentha kumakhala kutalowa kale. Ikakhala kunja imagwira dzuwa lisanafike padenga, mphepo n'kuchotsa kutenthako kudzera mumpatamo. Netiyi ili pa mphete kuti izikokedwa: imatambasulidwa kumapeto kwa Ogasiti, n'kupindidwa mu Meyi. Kumbali ya kumadzulo kwa shedi tidaonjezera neti yachiwiri mkati, kupanga kona yamthunzi wochuluka ya Phalaenopsis.

M'mbali monse ndi neti yokhayokha, pamwamba pa waya wa nkhuku wotchinga ziweto. Kum'mwera ndi kum'mawa kokha ndi komwe tidapachika katani ya pulasitiki yokulungira pa paipi, yotsitsa chiperoni chikabwera kapena mvula ikamawomba chammbali, ndi kukweza kukangocha bwino. Fani sitidaike. Ndi magetsi athu ozimazimawa, shedi yodalira fani imasanduka msampha tsiku lomwe azima masana a Okutobala.

Titamaliza kukoka neti mayiwa adaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Bambo, ine ndimafuna greenhouse. Apa mwandimangira chigafa cha fodya. Maluwa angawa sazizidwa?"

"Amayi, ozizidwa alipo atatu okha, awo tikambirana. Enawa kuzizira kwa kuno ndi komwe kumawachititsa maluwa."

Pansi tidasalaza n'kuthira miyala ya kwale masentimita 10. Simenti pansi sindiikonda m'shedi yotere: imachita ndere n'kuterera, komanso imasunga kutentha. Kwale amamwetsa madzi, ndipo mu Okutobala mukamuthira madzi masana amapereka chinyezi popanda kunyowetsa mizu. Chakumtunda tidakumba ngalande yopatutsa madzi othamanga, poti dothi lofiira la ku Thyolo pamalo otsetsereka silichedwa kukokoloka. Mathandala ndi a waya wa weldmesh pa felemu yachitsulo, masentimita 80 kuchoka pansi, kuti mpweya uzilowa kunsi kwa miphika. Miyendo yake timapaka girizi kuti nyerere zisakwere.

Madzi ndi zobzalira

Gata ili kumbali yaifupi ndipo imathira m'thanki ya malita 1,000. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, choncho denga la masikweya mita 24 limapereka malita 600 pa mvula ya mamilimita 25, osawerengera zopitirira za m'mbali. Madzi a mvula ndi abwino kuposa a pamjigo chifukwa alibe mchere wochuluka, womwe umaundana m'mphika n'kupsereza nsonga za mizu. Mvula yoyamba timaitaya, imakhala ndi fumbi, phulusa la moto wa tchire ndi zitosi za mbalame. Thankiyo ndi yovundikira ndipo polowera madzi pali sefa, chifukwa cha udzudzu.

Maluwa onse tidawazula, kutsuka mizu, kudula yowola. Mpeni timauwotcha pamoto tisanagwire duwa lina, chifukwa ma virus a orchid amayenda ndi madzi a m'tsinde otsalira pampeni ndipo alibe mankhwala. Pogawa Cymbidium, gawo lililonse lidatsala ndi mitu (matsinde onenepa omwe masamba amamerapo) yosachepera itatu. Logawidwa mopyola apo limatenga zaka lisanachite maluwa. Zobzalira tidasakaniza makungwa a paini, makala a nkhuni zolimba ophwanya kukula ngati chala chachikulu, ndi zidutswa za njerwa zootcha, zonse zosefa fumbi ndi kuviika usiku wonse. Pansi pa miphika ina tidaika zigoba za mtedza wa makademiya, zomwe ku Thyolo sizisowa ndipo zimachedwa kuwola. Zigobazi muziphwanye kaye. Chigoba chatheka chikakhala chagada chimasunga madzi. Miphika ya dothi tidaiboola m'mbali. Ansellia sitidamuike mumphika. Tidamumangirira m'dengu la waya n'kumupachika kumpoto komwe kuli kuwala kochuluka, ndipo mizu yake yopyapyala yoloza kumwamba ija, yomwe kuthengo imakola masamba ogwa, tidaisiya momwemo ngakhale mayiwa ankafuna kuimeta kuti aoneke bwino.

Chovuta kuposa kumanga chinali kusintha dzanja lothirira. Mdzukulu wawo adazolowera kuthirira madzulo aliwonse pamodzi ndi mpiru ndi tomato. Tidagwirizana kuti kuthirira ndi m'mawa basi, ndipo asanathire anyamule mphika: ukalemera, adutse. Akathira, athire mpaka madzi atuluke pansi. Chiperoni chikakhalapo, keni isalowe m'shedi. Madzi akalowa pamtima pa Phalaenopsis awapukute ndi kapepala. Feteleza wa chimanga ndi manyowa tidaletseratu. M'malo mwake feteleza wosungunula m'madzi, gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wolembedwa pa paketi, m'miyezi yomwe duwa likukula, ndipo kamodzi pamwezi kutsukuluza mphika ndi madzi okhaokha.

Zomwe zidatsatira

Phalaenopsis kwawo ndi kumadera otentha a ku Asia, monga Philippines ndi Indonesia, ndipo usiku safuna kutsika pansi pa madigiri 15. Usiku wa Juni ndi Julayi kumtunda kwa Thyolo umatsika kuposa apo. Kutseka shedi yonse chifukwa cha miphika itatu yotsala kukadaononga ina yonse, ndiye atatuwa amalowa m'nyumba, pawindo la kum'mawa, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mmodzi adafa ndithu, kuwola kunali kutafika kale patali. Awiri adatulutsa mizu yatsopano.

Cymbidium pofika Novembala anali ataonetsa nsonga zobiriwira m'mabowo a miphika. Mu 2024 adachita maluwa ochepa chabe, zomwe ndidali nditawauziratu mayiwa, poti duwa lomwe laduka mizu limayamba lamanga mizu. Omwe anali pathandala la kum'mwera anali ndi masamba obiriwira bii, okongola m'maso koma opanda phesi la maluwa ndi limodzi lomwe. Tsamba la Cymbidium lokhuta kuwala limakhala lobiriwira motuwirako. Tidawasamutsira kumpoto, ndipo chaka chotsatira adatulutsa. Dendrobium nobile amafuna kuti kuyambira Meyi mumuchepetsere madzi ndi kumusiyira feteleza. Mukapitiriza kumudyetsa, pomwe pakadatuluka maluwa pamatuluka tiana ta mizu. Mayiwa chaka choyamba mtima sudawalole kuona mapesi akukwinyika, ndipo adakolola tiana tambiri. Sikutaya konse, tidatibzala, koma maluwa adawaona chaka chinacho.

Dzinja la 2023 mpaka 2024 linali la ng'amba chifukwa cha El Niño, moti mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Thanki idauma pakati pa dzinja, ndipo kutentha kouma kudabweretsa akangaude ofiira kunsi kwa masamba a Cymbidium. Tidathana nawo potsuka masamba kunsi ndi madzi a sopo wochepa m'mawa, ndi kuthira madzi pa kwale masana. Kodikodi amabisala m'makoko ouma a patsinde. Timasenda makokowo n'kupukuta ndi thonje loviika mu spiriti. Nkhono zimadya nsonga za mizu ndi mapesi a maluwa usiku, ndipo njira yomwe yagwira ntchito ndi tochi ndi dzanja. Chenjezo limodzi kwa alimi a tomato: mankhwala a kopa omwe muli nawo kale m'nyumba asayandikire Dendrobium, amayoyola masamba.

Mvula yamphamvu shediyi idakumana nayo dzinja lotsatira. Denga silidasunthe ndipo miphika ya pakati idakhala youma, koma mvula yowomba kuchokera kumpoto, komwe denga ndi lalitali, inkafika pathandala loyamba. Tidalisunthira mkati theka la mita.

Za maluwa a m'phiri

Shedi itangodziwika, anyamata adayamba kufika ndi matumba a ma orchid okanganula pamitengo, akuti a ku Mulanje. Dziko lino lili ndi mitundu yambiri ya orchid, ku Nyika kokha yoposa 200, ndipo ena mwa omera pansi ndi omwe mizu yake amapangira chikande. Ndidawalangiza mayiwa kuti asagule ngakhale limodzi. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo kutengamo chomera popanda chilolezo cha nthambi ya za nkhalango ndi mlandu. Ma orchid onse ali pa mndandanda wa pangano la CITES, la maiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakuthengo, choncho kuwadutsitsa malire a dziko, kulowa kapena kutuluka, kumafuna zikalata. Kupatula lamulo, maluwa a m'nkhalango ya nkhungu pamwamba pa phiri kawirikawiri sakhalitsa akatsitsidwa, ndipo omera pansi amadalira bowa wosaoneka wa m'dothi la kwawo, yemwe satsata mphika. Mbewu ya orchid ndi fumbi lenileni, ndipo kuthengo simera popanda bowa ameneyo, ndiye tsinde limodzi lokanganulidwa silibwerera msanga. Ife a ku Thyolo tikudziwa momwe nkhalango ya paphiri lathu idathera, ndi zonse zomwe zinkamera pamitengo yake.

Wofuna kuchulukitsa maluwa agawane ndi anzake omwe ali nawo kale, kapena agule ku nazale. Duwa latsopano lililonse pakhomopa limakhala pakhonde mwezi wathunthu, kutali ndi shedi, mpaka titatsimikiza kuti silidabwere ndi kodikodi kapena mizere yachikasu ya virus pamasamba.

Ntchito yomwe yatsala ndi kuika thanki yachiwiri, poti malita 1,000 safika Okutobala, ndi kuonjezera lata lina kumpoto lotsetserekera kunja, lalifupi, loti lidule mvula yammbali koma lisatchinge dzuwa la Juni. Makungwa a m'miphika nawo akuyamba kufumbutuka, ndipo Cymbidium akangomaliza maluwa tidzawasinthira zobzalira zatsopano, mphukira zisanatalike.